Mbuzi Yagulitsidwa, Ndalama Zadyeka: Chidatchi cha pa Malire

Ku Netherlands njinga zakapalasa n'zambiri kuposa eni ake. Anthu alipo pafupifupi 18 miliyoni, pomwe njinga zinadutsa kale 20 miliyoni, ndipo akuba sazipatsa mpumulo. Choncho aliyense wophunzira Chidatchi sachedwa kukumana ndi chiganizo chakuti Mijn fiets is gestolen, njinga yanga yabedwa.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akuphunzira chiyankhulochi pa foni kuno ku Mchinji. Anapeza mwamuna wa kumeneko, ndipo boma la Adatchi silikulola kukakhala ndi mwamuna wako usanakhoze mayeso a chiyankhulo chawo uli kwanu konkuno. Ndiye amaloweza paliponse: pa mjigo, kuchigayo, ngakhale pa kabaza. Tsiku lina akupita ku Mwami anatchula chiganizo chija mokweza. Wa kabaza anafunsa tanthauzo lake. Atauzidwa anagwira mabuleki, n'kutsika, n'kuyamba kuyang'ana njinga yake mbali zonse.

"Asisi, mwamva kwa ndani? Iyi ndinagula ndi ndalama zanga. Kungoti amene ankandigulitsayo anali pa changu."

*

Ife amene tinadya choko pophunzitsa Chichewa timautcha msintho wochitidwa poyera. Umatenga mneni n'kumupachika kamchira, -idwa kapena -edwa, basi nkhani yatha: gulitsa, gulitsidwa, menya, menyedwa. Adatchi amautcha lijdende vorm, kunena kwake maonekedwe a wozunzika. Kamchira ngati kathu alibe. Amachita kulemba waganyu, mneni wothandizira wotchedwa worden, amene payekha amatanthauza kusanduka kapena kukhala chinachake, ndipo mneni weniweni amakankhidwira kumapeto kwa chiganizo.

Mphwanga ankayeserera pamaso pa bambo ake, alamu anga, amene amachita geni ya mbuzi.

"De geit wordt verkocht, mbuzi ikugulitsidwa. De geit werd verkocht, mbuzi inagulitsidwa. De geit zal verkocht worden, mbuzi idzagulitsidwa."

Alamu anamvetsera ali duu, kenako anafunsa: "Mbuzi yake ndi imodzi yomweyo?"

"Inde, bambo."

"Inagulitsidwa, ikugulitsidwanso, ndipo idzagulitsidwabe? Mwana wanga, umufunse bwino Mdatchi wakoyu. Anayamba wagwirapo ntchito pa msika wa Kamwendo ameneyu."

*

Msampha waukulu uli pa kamawu kakuti is. Vuto n'lakuti ana athu amaphunzira Chidatchi kudzera m'Chingerezi, ndiye akaona mawu amene akuwadziwa kale amasangalala msanga. Mdatchi akafuna kunena kuti chinthu chachitidwa kale, waganyu uja worden amamuuza kuti aweruke, n'kuitana wina, zijn, amene m'chiganizo amasanduka is uja. De geit is verkocht sakutanthauza kuti mbuzi ili pamalonda. Akutanthauza kuti yagulitsidwa, yapita, mwina kanyenya wake anthu atafuna kale. Ukamva De geit was verkocht ndiye kuti inali itagulitsidwa iwe usanadzuke n'komwe.

Mkamwini wathu, Mdatchi uja, anatumiza chithunzi cha makina osokera a azakhali ake. Mlongo wanga atawaona mtima unadumpha, nauza mwana wake kuti afunse za makinawo. Yankho linabwera lalifupi: De naaimachine is verkocht.

"Amayi, akuti akugulitsa!"

Mlongo wanga sanachedwe. Anagulitsa matumba a mtedza amene ankasungira mitengo ya mu Disembala, anakapikula zitenje ku Chipata, n'kulengeza kwa amayi anzake a chigwirizano kuti madiresi a Khirisimasi chaka chino asavutike n'kupita kwa telala wa pa boma. Ena anapereka ndi dipoziti yomwe. Patapita masabata mphwanga anafika pa phunziro la is, ndipo anatuluka m'nyumba mwakachetechete, foni ili kumsana.

Mlongo wanga atamva zoona zake anakhala pansi pakhonde. "Chiyankhulo chanji chimenechi, choti chinthu chikapita amati chilipo?"

*

Wochita ntchito akafunika kutchulidwa, ife timati ndi: wakuba analumidwa ndi galu. Adatchi amati door. De dief werd door de hond gebeten. Apanso Chingerezi chimapusitsa, chifukwa m'Chingerezimo mawu omwewa ndi chitseko. Mphwanga anamasulira molimba mtima kuti wakuba analumidwa pa chitseko cha galu. Mng'ono wake wa Sitandade 4 anaponya supuni.

"Kumeneko agalu ali ndi zitseko? Ine ndikugona pabalaza, galu ali ndi chitseko?"

Chitseko m'Chidatchi ndi deur. Abale a Adatchi a ku South Africa, olankhula Chiafrikaans, anaona kuti kusunga mawu awiri n'kuwononga, ndiye kwa iwo deur ndi chitseko komanso ndi ndi.

Buku limati gawo la door mukhoza kulisiya ngati wochitayo sakudziwika kapena sali wofunika. Kuno kumalire tili ndi chifukwa chachitatu chimene bukulo silinalembe: wochitayo akudziwika bwino lomwe, ndipo wakhala pomwepa pa benchi.

Pa bwalo la mfumu ina panali mlandu wa chimanga. Chaka chimenecho boma linali litaletsa kutulutsa chimanga m'dziko, koma nkhokwe za m'mudzimo zinkapepuka usiku uliwonse. Mboni inaimirira, chipewa chili m'manja.

"Mfumu, matumba anasokedwa madzulo. Anakwezedwa pa njinga. Anawoloketsedwa tambala asanalire. Kutsidya analandiridwa bwino."

"Ndi ndani?"

Bwalo lonse linati zii. Mboni inayang'ana kumwamba, inayang'ana pansi.

"Mfumu, funso limeneli ndi limene limadanitsa anthu pamudzi."

Mfumu inatsokomola, n'kunena kuti nkhaniyo yamveka, ndipo idzaunikidwa.

*

Pamene Chidatchi chathera m'pamene Chichewa chikuyambira. Kuwonjezera pa msintho wochitidwa poyera, tili ndi mnzake, wochitidwa m'chibisira, wa kamchira ka -ika kapena -eka. Amene anatcha dzina limeneli ankawadziwa bwino Amalawi. Ukati mbale yaswedwa, woswayo alipo, wangobisala kuseri kwa chiganizo, ndipo amayi akhoza kumukoka khutu. Ukati mbale yasweka, palibe munthu n'komwe. Sunganene kuti mbale yasweka ndi mwana uyu. Chiganizocho chimakana chokha. Katswiri wa ziyankhulo Sam Mchombo, amene anaphunzitsa ku Berkeley, anafotokoza kusiyana kumeneku m'buku lake la malamulo a Chichewa la mu 2004. Mwana wa zaka zinayi wa kwa Mkanda sanaliwerenge, koma sanalakwitsepo.

Mwana wa Chidatchi nayenso ali ndi pothawira. Het bord is gebroken akhoza kutanthauza yaswedwa kapena yasweka, mayi asankhe okha. Koma mwayi umenewu uli pa aneni owerengeka, monga kuswa. Ife timaupachika pafupifupi paliponse.

Amayi a banki mkhonde anasonkhana tsiku logawana. Bokosi litatsegulidwa munali makuponi akale ndi kope basi.

"Amayi asungichuma, ndalama zabedwa?"

"Ayi, musatero, anzanga. Kuba ndi mawu aakulu."

"Ndiye zadyedwa?"

"Zadyeka."

Wapampando, mayi wodziwa zinthu, anafotokozera gulu kuti ndalama zikadyedwa timapita kupolisi, koma zikadyeka timaitana abusa. Anatseka ndi pemphero. Asungichuma ndiwo anatsogolera nyimbo, atavala chitenje chatsopano.

Musawaseke kwambiri amayiwa. Mu 2013, nkhani ya Cashgate itaphulika ku Capital Hill, dziko lonse linakwera makwerero omwewa. Poyamba ndalama zinasowa. Kenako zinabedwa. Panafunika makhoti ndi zaka zingapo kuti timve chiganizo chokhala ndi mwininkhani: uje anaba.

*

Chimene Adatchi amanyadira ndi chiganizo chopanda wochita komanso chopanda wochitidwa. Amangoika kamawu kakuti er kutsogolo. Er wordt geklopt. Er wordt gezongen. Mabuku amachenjeza kuti zimenezi n'zovuta, poti Chingerezi chilibe. Mphwanga anangoseka. Kukugogodedwa. Kukuimbidwa. Kwa a neba kukuphikidwa. Ifetu timayankhula choncho m'mawa uliwonse.

Anaphunzitsa agogo ake chiganizo choyambacho tsiku limene mayi wa katapila ankayembekezeka. Chitseko chitalira, mphwanga ananong'ona: "Agogo, er wordt geklopt. Kukugogodedwa."

"Wanena kuti m'Chidatchimo mulibe wogogoda?"

"Mulibe, agogo."

"Ndiye mulibenso wotsegula. Khala pansi."

Mkamwini atabwera kudzaonekera, tinamutenga kukaona Gule Wamkulu pa chiliza cha kumudzi. Mu Ogasiti malole amadutsa pa Mwami atadzaza anthu opita ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi, koma iye anabwera nthawi ina, ndiye anaonera wa pamudzi. Fumbi litakwera, ng'oma zitakolera, mnyamatayo anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka, mokweza:

"Amalume, ndani akuvina uyu?"

Azibambo onse anapeza chinthu chochititsa chidwi pa zala za kumapazi awo. Mphwanga anamugwira mkono n'kumuuza m'chiyankhulo chake chomwe: "Er wordt gedanst." Kukuvinidwa. Mnyamatayo anagwedeza mutu, ndipo sanafunsenso. Ndinaona kuti chiyankhulo chimene chili ndi chiganizo chotere chikhoza kulowa kudambwe osalipitsidwa nkhuku.

*

Pali chiganizo china chimene Mdatchi amauzidwa akadandaula za chinthu chowonongeka: Er wordt aan gewerkt. Zikukonzedwa. Ndani akukonza, adzamaliza liti, musafunse.

Anthu a ku Mchinji chiganizochi tinachiona ndi maso. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata anaiyamba mu 1982. Anaitsegulira mu 2010. Mtunda wake ndi woti wa kabaza wolimba miyendo amapita n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Mwana amene anabadwa chaka chimene ntchito inayamba anakula, anakwatira, n'kupita ku mwambo wotsegulira atanyamula wake paphewa.

Mkulu wina amene munda wake uli m'mbali mwa njanjiyo anafunsidwa ndi mdzukulu wake kuti sitima imadutsa nthawi yanji.

"Imayembekezeredwa, mdzukulu wanga."

*

M'sitolo za ku Netherlands wogulitsa amakufunsa kuti Wordt u al geholpen? Mphwanga sanafune womasulira. Ndi funso la pa ofesi ina imene ine ndimapitako kukatsatira za penshoni.

"Bambo, mwathandizidwa?"

"Ayi."

"Muthandizidwa."

Masana mtsikana yemweyo anadutsanso, atanyamula chipisi.

"Simunathandizidwebe? Pepani. Fayilo yanu yaonedwa, koma sikuoneka."

Ndinakhala pa benchipo n'kumasirira. Misintho iwiri m'chiganizo chimodzi, wa poyera ndi wa m'chibisira. Akanakhala m'kalasi mwanga ndikanamupatsa zonse.

*

Fomu iliyonse ya Adatchi imafuna kudziwa kumene munabadwira, ndipo yankho lake nalo ndi la wozunzika: Ik ben in Mchinji geboren. Kwathu chimodzimodzi. Mayi amabala, mwana amabadwa. Palibe amene anadzichitira yekha.

Malire a kuno amatsata msana wa mtunda: madzi otsikira uku amapita ku Bua n'kukathera m'nyanja ya Malawi, otsikira uko amapita ku Luangwa. Analembedwa ndi anthu amene sanafunse kuti munda wa uje uthera pati. Mchinji ankatchedwa Fort Manning, Chipata ankatchedwa Fort Jameson, Mpezeni anagonjetsedwa mu 1898, mayina anasinthidwa ufulu utabwera. Mbiri yathu yonse ili ndi kamchira ka -dwa. Ndiye pali midzi imene khitchini ili dziko lina, khola dziko lina.

Anyamata olemba mayina anafika kwa mkulu wina wa m'mudzi woterewu.

"Agogo, munabadwira kuti?"

"Mukulemba za chiyani?"

"Ingoyankhani, agogo."

"Ngati ndi za feteleza wa makuponi, ndinabadwira ku Malawi. Ngati ndi zina zochokera ku Lusaka, ndiloleni ndikumbukire bwino."

"Koma zoona zake n'ziti?"

"Ana inu, ine ndinangobadwa. Sindinafunsidwe. Amene anabala ndi amayi, ndipo ali kumanda uko. Mandawonso ali pa mzere."

*

Pali malo amodzi pamene Chidatchi chinamumasula mphwanga. Kwathu mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Kwa Adatchi mneni ndi mmodzi, trouwen, wa onse awiri: hij trouwt, zij trouwt. Atazindikira zimenezi anathamangira kwa azakhali ake.

"Azakhali, kumeneko sindikakwatiwa. Ndikakwatira."

Azakhali anasiya kupeta. "Ukakwatira ndani?"

"Iyeyo."

"Nanga iye?"

"Nayenso akakwatira."

"Onse awiri kukwatira, wokwatiwa palibe? Nanga mbale azikatsuka ndani?"

"Zizikatsukidwa, azakhali."

*

Agogo ake a mphwanga, amayi anga, amanena kuti Chidatchi si chachilendo kwa iwo, chifukwa iwo ndi a Dachi chibadwire. Ali ndi mfundo. Mpingo umene lero ndi Sinodi ya Nkhoma unayambitsidwa ndi amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape. Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma anakhazikikako mu 1896, ndipo mpingowu unalowa mu CCAP mu 1926. Kutsidya, anzawo a ku Orange Free State anatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. William Murray ndi amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene amayi amalisunga m'kansalu. Azungu amenewa kutchalitchi kwawo ankawerenga Baibulo la Chidatchi, kunyumba n'kumalankhula Chiafrikaans, koma kwa ife ankalalikira m'Chinyanja. Amayi mawu a Chidatchi sadziwa ngakhale amodzi. Zimenezi sizinawaletsepo kukonza katchulidwe ka mdzukulu wawo.

"Chimene ukuphunziracho si chenicheni. Cha nthawi yathu chinali ndi ulemu."

Mphwanga anatsegula phunziro lina. Mdatchi akafuna kuletsa chinthu mwamphamvu osaloza munthu chala, amagwiritsanso ntchito msintho womwewu.

"Agogo, tamvani izi. Hier wordt niet gerookt, pano sipasutidwa. Hier wordt niet gedronken, pano sipamwedwa. Hier wordt niet gedanst, pano sipavinidwa."

Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Eya! Chimenecho ndiye Chidatchi chimene ndikuchidziwa ine."

*

Pa zolembalemba, worden ali ndi kakhalidwe kena. Ik word, jij wordt, koma pofunsa word jij. Onsewa amamveka chimodzimodzi pakamwa, ndipo eni chiyankhulo nawonso amaphonya t ameneyu. Mphwanga atadandaula ndinamukumbutsa kuti a Chichewa Board anatiuza kalekale pamene pakhale l ndi pamene pakhale r, koma mpaka lero zikwangwani za pamsewu wa ku Lilongwe zikugulitsa "maungu okoma kwambili" ndi "maluwa a maliro" mosinthanasinthana, ndipo palibe amene anamangidwapo.

Chimene chimamutopetsa kwenikweni ndi aneni ounjikana kumapeto. De fiets had gerepareerd moeten worden, njinga inayenera kukhala itakonzedwa. Chiganizo cha Chidatchi chili ngati minibasi ya pa depoti ya Mchinji: injini ikulira, kondakitala akuti tikunyamuka, koma simuyenda mpaka wotsiriza atakwera. Mlongo wanga anamva mwana wake akulimbana nacho ndipo anafuula ali kukhitchini: "Pofika pamene umalize, njingayo ikhala itabedwa kale!"

*

Tsiku la ankhoswe linafika. Alamu anga ndi Mngoni wa kwa Mlonyeni, ndiye abale awo anabwera ndi mawu a ng'ombe. Ine ndinakhala mbali ya kuchikazi ngati malume, ndi chipewa changa cha pa zinthu zikuluzikulu. Mkamwini anakhala pa mphasa, miyendo yake yaitali ikusowa kopita. Tinamuuza kuti iye sayankhula, pali omuyankhulira, koma mkulu wa kuchimuna kwa alamu anafuna kumuyesa yekha.

"Apongozi, nkhani ya ng'ombe mwaimva?"

"Yamveka, bambo."

Anthu anayang'anizana.

"Ndiye ziperekedwa liti?"

"Zidzaperekedwa."

"Ndi ndani? Inu kapena bambo anu?"

Mnyamatayo anaweramitsa mutu, anapukuta manja pa mawondo, n'kupumira m'mwamba monga amachitira munthu wobadwira pa Waliranji.

"Zioneka, bambo."

Mkuluyo anavula magalasi, n'kutembenukira kwa mlongo wanga.

"Mayi, mlendoyu mwamusunga masiku angati pakhomo pano? Amene akumuphunzitsa Chichewa asiye lero lomwe, tisanataye ng'ombe zonse."